Kopita ndi ana mu Lusaka sukulu isanatsegulidwe: kuyeza thumba, msewu ndi mvula

Tchuthi cha kumapeto kwa chaka chimagwa pa nthawi yovuta. Mvula yayamba, ndipo ndalama iliyonse yolowa m'nyumba imapeza eni ake akuidikira kale: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, lendi, kenako Januwale ndi mndandanda wake wa kusukulu. N'zoona kuti kuyambira 2022 fizi inachotsedwa m'masukulu a boma, koma yunifolomu, nsapato, chikwama, makope ndi ndalama ya basi zikutulukabe m'thumba la kholo. Amene mwana wake wasankhidwa kupita ku sukulu yogonera konko awonjezerepo thiranki, matiresi ndi zofunda.

Komabe ana sangathe milungu yonseyi ali m'nyumba kulimbirana foni ya amayi awo, makamaka magetsi akazima TV n'kukhala chete. Kutuluka nawo n'kofunika. Maganizo anga ndi akuti m'malo ambiri a mu Lusaka ndalama ya pageti si imene imapweteka. Zomaliza thumba ndi mayendedwe ndi chakudya, ndipo malo olowa ulere ndi amene amadya kwambiri.

## Zoyang'ana musanatuluke pakhomo

Mtengo. Werengani zinthu zitatu pamodzi: ya pageti, ya mayendedwe popita ndi pobwera, ndi ya chakudya. Pa ya basi, kumbukirani kuti mwana wa Giredi 3 kondakitala amamuwerengera mpando. "Amayi, ameneyo mumunyamule, apo ayi mulipire." Kholo lililonse la ku Matero kapena ku Chawama lawamvapo mawu amenewa, ndipo ana atatu sangakwane pamiyendo iwiri. Malo a boma amakhala ndi mtengo wotsika wa nzika, choncho NRC, chiphaso chanu cha unzika, isatsale kunyumba. Chinanso, gulani kaye za kusukulu ku msika wa Kamwala kapena pa salaula, pogulitsa zovala zogwiritsidwapo kale ntchito, muzitsekere m'sutikesi, yotsalayo ndiye ya ulendo. Ndalama ya chilimba, gulu losonkherana ndalama mosinthana, yomwe munaikonzera nsapato isathere pa pitsa.

Kafikidwe. Kodi minibasi imakusiyani pageti, kapena imakutsitsani kutali muyambe kusakasaka takisi? Msewu wake ndi wa tala kapena wadothi? Mvula ya kuno imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndiye malo a panja amafuna kulawira.

Ntchito yake kwa kholo. Ulendo wina umafuna kuphikiratu, kunyamula madzi ndi zovala zosinthira, ndi kukhala maso pa ana tsiku lonse. Wina sufuna kukonzekera kulikonse, koma mwana akalawa adzafuna kubwererako Loweruka lililonse, ndipo imeneyo ndi ngongole ya chaka chonse.

Zoopsa. Ino ndi nyengo ya kolera. Mu 2024 sukulu zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale koma zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale, bwalo la National Heroes litasanduka chipatala cha odwala matendawa. Mu 2018 nakonso ana anachedwa kubwerera m'kalasi pa chifukwa chomwechi. Kulikonse kumene mungapite, madzi akumwa achokere kunyumba, owiritsa kapena othira klorini, ndipo sopo akhale m'chikwama. Zitumbuwa zozizira za pamsewu ndi madzi a m'mapulasitiki omanga pamanja zidikire chilimwe.

## Lusaka National Park ndi ana a njovu

Paki imeneyi inatsegulidwa mu 2015. Ili kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, kudzera msewu wa Leopards Hill mukapitirira Bauleni. Ndi yaing'ono, mahekitala oposa pang'ono 6,700, yotchingidwa ndi waya. Muli mbidzi, nyamalikiti, nyumbu, ntchefu, ngoma ndi nswala. Mikango mulibe, ndiye mwana amene akuyembekezera za ku South Luangwa zomwe amaona pa TV mumuuziretu muli panjira.

Chokopa anthu ambiri masiku ano ndi ana a njovu amasiye. Bungwe la Game Rangers International linasamutsira kuno malo olerera njovuzi kuchokera ku Lilayi mu 2022. Chakumasana tinjovuto timatuluka m'tchire pamzere limodzi ndi otisamalira, tikangoona mabotolo a mkaka n'kuyamba liwiro. Kanjovu kamakulunga botolo ndi chitamba, kutukula mutu, n'kugugudiza mkaka wonse inu mukali kufufuza foni m'thumba. Kenako kamakagubuduka m'matope, kanzake n'kudzakagonera pamsana. Anthu amaonera ali pa nsanja, osazigwira, chifukwa zikakula zimatengedwa kupita ku Kafue National Park kuti zikabwerere kutchire, ndipo njovu yozolowera manja a anthu kumeneko siingakhale bwino. Ana ambiri amafunsa funso limodzi: "Nanga amayi ake ali kuti?" Konzekerani kufotokoza za opha nyama mozembera ndi malonda a minyanga.

Mtengo. Pageti amawerenga mitu, galimoto nayo imalipira yake, ndipo musunge kandalama kena ka kumalo a njovu. Kwa banja lomwe lili ndi galimoto, uwu ndi ulendo wotchipa poyerekeza ndi zomwe mwana amaona. Kwa opanda galimoto ndi wodula kuposa maulendo onse a m'tawuni, chifukwa muyenera kuchita haya galimoto yoti ikuzungulitseni ndi kukudikirani. Mabanja awiri akasonkherana petulo m'galimoto imodzi, mtengo umagwa kwambiri.

Kafikidwe. Apa ndiye pali vuto. Minibasi imathera kutali ndi geti. Takisi ya Yango, yoitanitsa pafoni, ingakufikitseni, koma kupeza yobwerera muli kutchire ndi nkhani ina, choncho gwirizanani ndi dalaivala musanatsike. Misewu ya mkati ndi yadothi, ndipo kagalimoto kotsika kamavutika mvula ikagwa usiku wonse. Udzu ukatalika nyama zimabisika, ndiye kumayambiriro kwa Disembala mumaona zambiri kuposa mu Januwale.

Ntchito yake kwa kholo. Kuphikiratu, kunyamula madzi okwanira, ndi kusunga nthawi. Mukafika njovu zitamwa kale, mwaphonya theka la ulendo. Imbani foni dzulo lake mumve ola lenileni.

Zoopsa. Nkhupakupa m'udzu wautali, choncho muwayang'ane ana m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo posamba madzulo. Kukayamba kugunda, nonse m'galimoto, osabisala pansi pa mtengo.

## Munda Wanga ndi Kalimba

Malo awiriwa amakopa kholo lofanana: lofuna kuti mwana aone nyama pafupi, adyere pa kapinga, mwinanso asambire. Munda Wanga uli ku Chilanga, makilomita pafupifupi 16 pa msewu wa Kafue. Unayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo wa Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, makhola a nyama n'kudzabwera pambuyo. Kalimba ili kumpoto chakum'mawa, cha ku Ngwerere. Ndi famu ya ng'ona ndi nsomba, yokhala ndi njoka zosungidwa m'magalasi, nsato, mphiri ndi mamba, kuphatikizapo afulu.

Mtengo. Konseku amalipiritsa pa mutu, ana mocheperapo. Ku Kalimba zina monga kuwedza zimakhala ndi mtengo wake padera, ndipo amagulitsa chakudya, ngakhale nyama ya ng'ona kwa olimba mtima. Musanaphike mpunga wa anthu asanu ndi mmodzi, funsani ngati amalola kulowa ndi chakudya cha kunyumba. Yankho la funso limeneli lokha lingachulukitse mtengo wa tsikulo kawiri.

Kafikidwe. Munda Wanga wapambana kutali, chifukwa minibasi za ku Chilanga ndi za ku Kafue zimadutsa pageti penipeni. Chongofunika ndi kulawira, msewu wa Kafue usanadzaze cha ku Makeni. Kalimba imafuna galimoto.

Ntchito yake kwa kholo. Pa Khirisimasi, tsiku lotsatira ndi pa Chaka Chatsopano kumakhala khamu, mizere pa chimbudzi ndi nyimbo zophulika m'magalimoto. Lachiwiri kapena Lachitatu wamba mumakhala ngati malowo ndi anu.

Zoopsa. Dziwe losambira ndi limene limafuna maso kuposa ng'ona. Ng'ona ili kuseri kwa mpanda, pomwe dziwe lili pambali pa mphasa yanu. Wamkulu mmodzi apatsidwe ntchito imeneyo yokha, foni ili m'chikwama. Ana aang'ono amakondanso kulowetsa zala m'waya wa makhola, makamaka a anyani.

Ndinene za kukhosi: Munda Wanga wadutsa m'manja osiyanasiyana, ndipo wakhala ndi zaka zonona ndi zaka zowonda. Musapite ndi chithunzi cha mmene munauonera muli pa ulendo wa sukulu kalekale. Funsani amene apitako chaka chino. Kwa ine chuma chake chenicheni ndi mitengo ikuluikulu ndi mthunzi, pomwe nyama za m'khola ana ena okulirapo zimawamvetsa chisoni. Mwana wa zaka 10 wokonda zoopsa adzakamba za Kalimba mpaka Isitala.

## Ulendo wa mbiri: Museum, Embassy Park, Chilenje ndi Kabwata

Uwu ndi ulendo umene makolo ambiri amaunyoza, koma ndi umene ndingasankhe ndalama ikachepa, mvula n'kumawopseza. Lusaka National Museum ili pa Independence Avenue, ndipo inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema za amisiri a dziko lino, pamwamba pali mbiri ndi chikhalidwe, kuyambira moyo wa kumudzi mpaka nkhondo yomenyera ufulu. Gawo limene ana saliiwala ndi la zithumwa ndi zida za ufiti. Makolo ena safuna kuti ana awo alione, ndipo mwana wamng'ono angalote nazo usiku, choncho ganizirani musanakwere masitepe.

Pafupi pomwepo pali Freedom Statue, chipilala cha munthu wodula maunyolo chomwe chinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 likudzilamulira. Chakhala chikuoneka pa ndalama zathu za mapepala kwa zaka zambiri, koma ana ochuluka a mu Lusaka amangochidutsa ali m'basi. Mukapitirira ndi msewu womwewo mufika ku Embassy Park, manda a atsogoleri a dziko: Levy Mwanawasa anaikidwa kumeneko mu 2008, Frederick Chiluba mu 2011, Michael Sata mu 2014, Kenneth Kaunda mu 2021 ndi Rupiah Banda mu 2022. Mwana amene amavutika kuloweza mayina amenewa m'kalasi, akaona manda ndi maso ake sadzasokonezanso.

Chilenje House 394 ndi kanyumba komwe a Kaunda anakhala ndi banja lawo kuyambira 1960 mpaka 1962, akutsogolera chipani cha UNIP chomenyera ufulu. Kuchepa kwake ndi kumene kumadabwitsa ana: munthu amene anadzakhala ku State House zaka 27 ankagona m'nyumba yofanana ndi za anansi awo. Panja pali Land Rover yomwe inkagwira ntchito m'masiku amenewo. Mukatsala ndi mphamvu, Kabwata Cultural Village pa Burma Road si patali. Ndi nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zotsala za nthawi ya atsamunda, momwe amisiri amasema ana akuonerera.

Mtengo. Wotsika kuposa maulendo onse olipira pageti. Ku Kabwata mumangofuna mtima wolimba, chifukwa ogulitsa amadziwa kuika kanjovu ka mtengo m'manja mwa mwana asanalankhule ndi inu.

Kafikidwe. Malo onsewa ali m'njira za minibasi. Museum ili ndi denga, ndiye mvula siikuonongerani tsiku. Pewani tsiku la Khirisimasi ndi la Chaka Chatsopano, ndipo musayese kumaliza malo onse tsiku limodzi ndi ana aang'ono. Awiri akwanira.

Ntchito yake kwa kholo. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukangoyenda chete kumbuyo kwa ana, pakatha theka la ola ayamba kufunsa za kunyumba. Ulendowu umafuna munthu wolankhula. Ngati pakhomo pali ambuya amene anaona nthawi ya chipani chimodzi, amene anaimapo pamzere wa ufa ndi makuponi m'manja, atengeni. Mwana akafunsa kuti, "Ambuya, inuyo munalipo?" mudzamva nkhani zomwe inu nomwe simunazimvepo.

Zoopsa. Kuwoloka Independence Avenue ndi ana, ndi kujambula zithunzi mosasamala. Dera limeneli ladzaza maofesi a boma, ndipo alonda sakondwera ndi kamera yolunjika ku nyumba zawo.

## Kumamolo

Manda Hill, yomwe inatsegulidwa mu 1999, Arcades, East Park, Levy Junction, Cosmopolitan, Makeni ndi mamolo ena ambiri, momwe masitolo amakhala pamodzi. Kulowa n'kwaulere, kuli denga, magetsi a jenereta ndi zimbudzi zabwino. N'chifukwa chake mvula ikagwa Loweruka theka la Lusaka limathamangira kumeneko.

Mtengo. Palibe wokuimitsani pageti, koma khomo lililonse m'katimo lili ndi dzanja lotambasula. Zimayamba chonchi: "Adadi, tingoona chabe." Mwadutsa pa masewera a makina, mwana waima, maso ali pa kagalimoto kowala. Mwagula tokeni zochepa, zatha m'mphindi zisanu, wamng'ono akulira kuti mkulu wake wasewera kawiri. Mwatuluka, fungo la nkhuku ya Hungry Lion lakupezani. Mwakhala pansi, mwadya, wina waona ayisikilimu. Mukafika pa siteji ya basi, ndalama ya nsapato ya mmodzi yapita, ndipo palibe chimene ana aona chomwe sanachionepo. Kanema wa banja lonse, pamodzi ndi chimanga chokazinga ndi zakumwa, nthawi zambiri amaposa ndalama ya pageti la paki.

Kafikidwe. Palibe chovuta. Tsiku lililonse, minibasi iliyonse.

Ntchito yake kwa kholo. Lero palibe, koma uwu ndi ulendo uja wobala chizolowezi. Njira yabwino ndi kupita muli ndi cholinga chimodzi, monga kukayeza nsapato za sukulu, ana atadya kale nsima kunyumba. Aliyense mumpatse kandalama kake m'manja, mumuuze kuti kakatha katha. Ndalama ya pafoni ndi yoopsa kumeneku, chifukwa simuona ikutuluka.

Zoopsa. Mwana kusochera m'khamu la pa 24 Disembala, opisa m'matumba, ndi magalimoto obwerera m'mbuyo poimika. Mwana aloweze nambala yanu ya foni, kapena mumulembere pa kapepala. Achinyamata osiyidwa okha tsiku lonse nawo amakumana ndi anzawo onyamula mowa m'mabotolo a zakumwa wamba.

## Masewera ndi laibulale

Maulendo a pamwambawa ndi a tsiku limodzi, pomwe tchuthi ndi milungu ingapo. Masiku otsalawo amafuna chochita chobwerezabwereza. Senta ya masewera a achinyamata ya OYDC pa Great North Road, pafupi ndi bwalo la National Heroes, inatsegulidwa mu 2010 ndi thandizo la komiti ya Olympic ya dziko lonse, ndipo ili ndi mabwalo a masewera osiyanasiyana. Laibulale ya Lubuto ku Garden inamangidwira ana ndi achinyamata, ndipo mwana amalowa osalipira. Ligi ya mpira nayo imakhala ili mkati miyezi imeneyi, ndiye kukaonera Red Arrows pa Nkoloma kapena Zanaco pa Sunset ndi tsiku labwino kwa mwana wokonda mpira, wamwamuna kapena wamkazi.

Mtengo. Wochepa pa tsiku, koma ya basi imachulukana. Ngati malowo ali kutsidya kwa tawuni, mabasi awiri popita ndi awiri pobwera, kasanu pa sabata, si masewera. Izi zimapindulira amene amakhala pafupi.

Kafikidwe. Mvula imaimitsa za panja. Laibulale siimitsidwa.

Ntchito yake kwa kholo. Kuperekeza ndi kukatenga, kapena kupeza wamkulu wodalirika. Phindu lake ndi lakuti mwana amazoloweranso kudzuka m'mawa ndi kugwira buku, zomwe zimachepetsa nkhondo ya sabata yoyamba ya sukulu.

Zoopsa. Ku mpira wa matimu akuluakulu khalani kutali ndi oledzera ndipo mutuluke khamu lisanayambe kukankhana. Choopsa chachikulu chili kwa mwana wosapatsidwa chochita: maenje akale okumbamo miyala, monga Ngwenya ku Misisi, ndi ngalande za ku Kanyama zimadzaza madzi nyengo ino, ndipo ana amakasambira kumeneko makolo ali kuntchito. Madzi amenewo amiza ana, ndiponso ndi momwe mumayenda kolera.

## Kumudzi

Kwa ambiri a ife, ulendo weniweni wa Disembala ndi wa Great East Road: Petauke, Katete, Chadiza, Chipata. Palibe malo mu Lusaka amene angapatse mwana zomwe milungu iwiri kwa ambuya ake ingampatse. Mango ali mbwee pansi pa mitengo, bowa wamera, inswa zikutuluka, anthu ali kalikiliki kupalira chimanga. Mwana amene amayankha Chingelezi mukamulankhula chinenero chathu amabwerako lilime litamasuka, akudziwanso kugwada popereka madzi kwa akulu.

Mtengo. Wokwera kuposa onse. Kuchokera pa siteji ya mabasi ya Intercity kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, mwana wamkulu amalipira mpando wonse, ndipo mitengo imakonda kukwera Khirisimasi ikayandikira. Kumudzi simupita chimanjamanja: shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira, chitenje cha ambuya, ndi kandalama kosiya. Musaiwale kuti ino ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zatsika, chimanga chatsopano chisanache. Kutumiza pakamwa patatu popanda thumba la ufa ndi kuwasenzetsa katundu okalamba. Mbali ina, ana akakhala kumeneko milungu itatu, ndalama ya chakudya ndi magetsi kuno imapuma.

Kafikidwe. Mabasi alipo tsiku lililonse, koma sabata yomaliza sukulu isanatsegulidwe amadzaza ndi ana obwerera. Tikiti yobwerera iguliretu, kapena ndalama yake ikhale pambali, osaikhudza. Ngati mudzi uli kutali ndi tala, funsani za mitsinje ndi milatho musananyamuke.

Ntchito yake kwa kholo. Neti yoteteza ku udzudzu, mankhwala a mwana amene amamwa nthawi zonse, ndi kukambirana momveka ndi achibale. Kuthandiza kumunda n'kwabwino, koma mwana wamkazi asasanduke wantchito wa nyumba yonse anzake akusewera. Muziimba foni ndi kulankhula ndi mwanayo payekha.

Zoopsa. Malungo. M'kati mwa Lusaka matendawa ndi ochepa poyerekeza ndi kum'mawa, choncho mwana wokulira kuno thupi lake silinawazolowere ndipo amamugwira mwamphamvu. Akatentha thupi ali konko, kapena m'milungu yoyamba atabwerako, pitani naye kukayezetsa magazi tsiku lomwelo ndipo muwauze a chipatala kumene anali. Palinso likodzo m'madzi osayenda, mitsinje yodzaza mwadzidzidzi, ndi bowa woti mwana wa m'tawuni sadziwa kusiyanitsa. Msewu nawo uli ndi makona oopsa m'mapiri a cha ku Luangwa, ndiye sankhani basi ya kampani yodziwika, ngakhale itadulirapo pang'ono.

## Ndiye inu mupite kuti?

Ngati mulibe galimoto ndipo za kusukulu zatsala pang'ono kumaliza thumba, pitani ku Museum ndi ku Freedom Statue, mutanyamula mabanzi ndi maheu a kunyumba. Tsiku lina, ndalama ya basi ikapezeka, Chilenje ndi Kabwata.

Ngati mulibe galimoto koma mwasunga pang'ono, ndipo ana ndi a zaka zosakwana 8, Munda Wanga pakati pa sabata ndiye wanu. Ana a msinkhu umenewu safuna zambiri: kapinga wothamangapo, nyama zingapo, ndi chakudya cha pamphasa.

Ngati muli ndi galimoto, kapena mnansi amene mungasonkherane naye petulo, Lusaka National Park ikhale yoyamba, ndipo musadikire Januwale. Kukagwa mvula yamphamvu usiku, sinthani tsiku m'malo mokakamira. Ana a zaka 9 mpaka 13 amene anaona kale njovu, apititseni ku Kalimba.

Ngati nonse awiri mumagwira ntchito ndipo ana amatsala okha masana, ulendo wa tsiku limodzi si yankho lanu. Funani laibulale, timu ya mpira kapena pulogalamu ya ana ya kutchalitchi yomwe ili pamtunda woyenda pansi, makamaka ngati mumakhala komboni yomwe imasefukira.

Ngati mwana akuyamba sukulu yogonera konko, kapena akulowa kalasi ya mayeso, kumudzi apite msanga ndi kubwerako kutatsala sabata yathunthu, kuti malungo akabisala aonekere ali pakhomo, osati ku hositelo. Khanda ndi mayi woyembekezera ndi bwino adikire mvula ithe.

Kumolo pitani tsiku lokagula nsapato, mutakhuta, ndalama ili m'manja osati pafoni.